Chipewa, kalata ndi mkondo: zimene Mbombwe akutiphunzitsa za mtendere

Mawu otitsogolera: Mateyu 5:9, Yohane 18:10-23, Aroma 12:17-21

Chaka ndi chaka pa 15 Januwale, njira zonse zopita ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu zimadzaza ndi anthu. Akuluakulu a boma, mafumu, abusa ndi makwaya amasonkhana pa mishoni ya Providence Industrial Mission, imene ambirife timangoti PIM, kukakumbukira Mbusa John Chilembwe. Nkhope yake timayenda nayo m'matumba mwathu pa ndalama ya K2,000, ndipo palibe mwana wa sukulu amene sadziwa dzina lake. Tsikuli likafika timamva maulaliki okoma onena za kulimba mtima ndi kukonda dziko. Koma pali funso lina limene alaliki ambiri timalilambalala ngati chitsa cha panjira: kodi Mkhristu amene akuona chilungamo chikupondedwa achite chiyani? Atole mkondo, kapena apinde manja n'kumadikira zakumwamba?

Funsoli si la mbiri yakale yokha ayi. Pa 26 Juni 2025, mumzinda wa Lilongwe, anthu onyamula zikwanje adavulaza a Sylvester Namiwa omwe ankatsogolera zionetsero, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Mu Novembala 2024 anthu obisa nkhope adabalalitsa zionetsero zina mumzinda womwewo. Ndipo tisanathamangire kuloza chala chipani chimodzi, tikumbukire kuti pa 19 Julayi 2011 anyamata a zikwanje adazungulira mzinda wa Blantyre pa galimoto za chipani cholamula cha nthawi imeneyo, ndipo zionetsero zimene zidayamba m'mawa mwake zidathera m'maliro a anthu 20. Kale kudali Apayoniya, pambuyo pake kudabwera a Young Democrats. Mtundu wa nsalu ndiwo umasinthasintha, chikwanje n'chomwe chija.

Tiyamike Mulungu kuti chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chidadutsa mwabata, ndipo Dr Lazarus Chakwera adavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Koma denga amafolera mvula isanagwe. Nyengo ya bata ndiyo yoyenera kuti mabanja achikhristu akhale pansi ndi kulingalira za nkhaniyi.

Abwenzi ndi ndani?

Pali kagulu ka Akhristu kamene kakhala kakulimbana ndi funso limeneli kwa zaka zoposa 350. Dzina lawo lenileni ndi Religious Society of Friends, ndiko kunena kuti Abwenzi, koma dziko limawadziwa kwambiri ndi dzina loti a Quaker. Adayambira ku England cha m'ma 1650 kudzera mu ulaliki wa George Fox, mwana wa mmisiri woomba nsalu. Dzina loti Quaker, limene tanthauzo lake ndi wonjenjemera, lidali lachipongwe. Woweruza wina wa ku Derby ndiye adamutcha Fox dzinalo m'chaka cha 1650, chifukwa adauza bwalo la milandu kuti linjenjemere pamaso pa mawu a Ambuye.

Chiphunzitso chawo chagona pa mfundo yakuti kuwala kwa Khristu kumafikira munthu aliyense, kaya ndi mfumu kapena kapolo, mwamuna kapena mkazi, mnansi kapena mdani. Kuchokera pa tsinde limeneli padaphuka nthambi zingapo. Ankakana kulumbira m'bwalo la milandu, ati Mkhristu sakhala ndi malilime awiri, lina la masiku onse ndi lina lapalumbiro. Ankakana kuvulira chipewa munthu aliyense, ngakhale woweruza kapena mfumu, ati ulemu wotere ndi wa Mulungu yekha. Ndipo ankakana nkhondo. Mu Januwale 1661 gulu lina la Akhristu lidaukira boma ku London ndi zida, pofuna kukhazikitsa ufumu wa Yesu ndi mphamvu ya lupanga. Fox ndi anzake adalembera Mfumu Charles II chikalata chonenetsa kuti iwo sadzagwira chida pa chifukwa china chilichonse, kaya pomenyera maufumu a dziko lino kapena pomenyera ufumu wa Khristu umene.

Wina akhoza kuganiza kuti anthu otere adali amantha, okonda kudzibisa kumbuyo kwa pemphero. Mbiri ikutsutsa maganizo amenewo. Boma litawaletsa kusonkhana, ankasonkhanabe poyera, zitseko zili chitsegukire. Zikwizikwi adatsekeredwa ndipo mazana adafera m'ndende. M'chaka cha 1670 William Penn adazengedwa mlandu ku London chifukwa cholalikira mumsewu, ndipo adalipitsidwa chindapusa kaamba koima m'bwalo chipewa chili kumutu. Nzika zimene zidasankhidwa kugamula mlanduwo zidakana kumupeza wolakwa ngakhale zidatsekeredwa popanda chakudya, ndipo nkhani yawo ndiyo idabala lamulo lakuti ogamula mlandu asamalangidwe chifukwa cha chigamulo chawo.

Pa nkhani ya ukapolo napo adaonetsa njira. M'chaka cha 1688 Abwenzi a ku Germantown ku America adalemba chikalata chotsutsa kugula ndi kugulitsa anthu. Tisawayese angelo: ena mwa iwo adali ndi akapolo, ndipo padapita zaka pafupifupi 90 kuti msonkhano wawo waukulu wa ku Philadelphia, m'chaka cha 1776, ugamule zochotsa mumpingo aliyense wosunga kapolo. Adayamba asesa m'nyumba mwawo asanakasese pabwalo. Pamene komiti yolimbana ndi malonda a akapolo inkakhazikitsidwa ku London mu 1787, anthu 9 mwa 12 amene adaiyambitsa adali Abwenzi. Zida zawo zidali makalata odandaula ku nyumba ya malamulo, timabuku tophunzitsa anthu, ndiponso kunyanyala shuga wolimidwa ndi akapolo. Patatha zaka 20, mu 1807, Britain idaletsa malondawo.

Nthaka ya Chiradzulu yaona zambiri

Tibwerere kwathu. Ndi maboma ochepa m'dziko muno amene adalawa funso la Mkhristu ndi chida monga lidachitira dera la Chiradzulu, pakuti kawiri konse atumiki a Mulungu adagwira zida pa nthaka imeneyi.

Koyamba kudali m'chaka cha 1861, pamene Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA adafika ku Magomero motsogoleredwa ndi David Livingstone. Panjira adakumana ndi anthu omangidwa m'magoli ndipo adawamasula. Koma mafumu a Amang'anja atapempha kuti awathandize pa nkhondo yawo ndi Ayao, bishopuyo adavomera, natsogolera anthu a mfuti kukathira nkhondo ndi kutentha misasa. Cholinga chidali chabwino, kuthetsa ukapolo. Komabe mishoni idasanduka mbali imodzi ya nkhondo, ndipo pambuyo pake amishoniwo adazindikira kuti ambiri mwa Ayao aja adali anthu othawa nkhondo ndi njala kwawo, ndiponso kuti malonda a akapolo sadali a mtundu umodzi wokha. Mackenzie adamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, anzake adachoka ku Magomero patangopita miyezi yochepa, ndipo pofika 1864 mishoniyo idali itasamukira ku Zanzibar.

Kachiwiri ndi nkhani ya Chilembwe. Amene adamuphunzitsa za Khristu ndi Joseph Booth, mmishoni wa Baptist amene adafika m'dziko muno mu 1892 n'kukhazikitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Booth sadali wa Abwenzi, koma pa nkhani ya nkhondo maganizo ake adali ofanana ndi awo: ankakhulupirira kuti wotsatira Yesu sangaphe. Ndipo monga iwo, sadali munthu wokhala chete. Mu 1899 adakonza chikalata chopita kwa Mfumukazi Victoria chopempha kuti msonkho wa nyumba uzigwiritsidwa ntchito pophunzitsa anthu akuda, kuti anthu akuda asamakakamizidwe kukamenya nkhondo ndi Aafrika anzawo, ndiponso kuti dziko libwezedwe kwa eni ake pakatha zaka 21. Boma lidamusaka mpaka adathawira ku Mozambique.

Chilembwe adapita ndi Booth ku America mu 1897, adaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo adabwerera mu 1900 kudzayamba ntchito ku Mbombwe. Tiyeni tiwerenge bwino zaka: kuchokera 1900 kufika 1914 ndi zaka 14, ndipo zonsezi adazithera pa ntchito zamtendere. Adatsegula sukulu, adaphunzitsa anthu ulimi, ukhondo ndi kudzilemekeza, mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi kusoka, ndipo mpingo udamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ndi manja akeake. Zonsezi zinkachitika pafupi ndi minda ya A.L. Bruce ku Magomero, kumene anthu, ambiri mwa iwo Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankagwira thangata mwankhanza pansi pa kapitawo wamkulu William Jervis Livingstone. Sukulu zinkaletsedwa m'mindamo, ndipo nyumba zopemphereramo za anthu a PIM zinkatenthedwa.

Pali chithunzi chimene chidajambulidwa mu 1914, chosonyeza Chilembwe ataima ndi mmishoni wachizungu John Chorley, chipewa chili kumutu. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu. Mmisiri wa kwathu konkuno Samson Kambalu adaumba chiboliboli chochokera pa chithunzichi, ndipo chidaima pa Trafalgar Square ku London kuyambira 2022 mpaka 2024. Taonani mmene njira za Mulungu zimakumanirana: William Penn mu 1670 ndi John Chilembwe mu 1914, anthu osadziwana, a mitundu ndi mipingo yosiyana, onse adalalikira ndi chipewa uthenga umodzi, wakuti palibe munthu amene adalengedwa kuti akhale chopondapo cha mnzake.

Pambuyo pa chipewa padabwera kalata. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, asilikali akuda adafa pa nkhondo ya ku Karonga mu Sepitembala 1914, ndipo ena ambiri ankatengedwa kukakhala amtengatenga. Mu Novembala chaka chomwecho Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake idali yakuti nthawi ya mtendere zabwino zonse zimakhala za azungu okha, koma nkhondo ikafika wakuda ndiye amaitanidwa kukakhetsa mwazi pa mkangano umene si wake, n'kusiya amasiye mu umphawi wadzaoneni. Adati ngati n'kumenya, akamenye olemera ndi eni chuma amene nkhondoyo ikuwapindulira. M'miyezi yomweyo Abwenzi a ku Britain adali kukhazikitsa gulu la Friends' Ambulance Unit, kuti anyamata awo apite kunkhondo ndi machira onyamulira ovulala m'malo mwa mfuti. Mawu otsutsa nkhondo amene ankamveka m'misonkhano ya Abwenzi ku England adamvekanso kuchokera m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu. Boma la atsamunda silidayankhe kalatayo. Lidaitsekereza kuti isafalikire, ndipo lidayamba kukonza zomuchotsa mlembi wake.

Pambuyo pa kalata padabwera mkondo. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adathira nkhondo minda ya Bruce ndipo adapha azungu atatu, kuphatikizapo Livingstone. Akazi ndi ana sadawapweteke, potsata lamulo la mbusayo. Amene adapita kukathyola nyumba ya zida ku Mandala adabwerako ndi mfuti zowerengeka. Patapita masiku ochepa mishoni ya Akatolika ya Nguludi idatenthedwa ndipo wansembe adavulazidwa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adawomberedwa cha ku Mulanje, pafupi ndi malire. Anthu pafupifupi 40 adanyongedwa kapena kuwomberedwa atazengedwa mlandu, pafupifupi 300 adamangidwa, tchalitchi chija chidaphulitsidwa, ndipo mishoni idakhala yotseka mpaka Dr Daniel Malekebu adadzaitsegulanso mu 1926. Thangata adapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Tinene chiyani tsono?

Ife amene tikudya zipatso za ufulu, amene sitidalaweko chikoti cha kapitawo, tilibe mpando woweruzira Chilembwe. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Mlandu waukulu wa mwazi wa 1915 uli pa amene adalanda nthaka, natentha nyumba za Mulungu, natseka makutu pamene mbusa ankalankhula ndi cholembera. Apa pali chenjezo kwa wolamula aliyense, wa dzulo, wa lero ndi wa mawa: mukatseka khomo la kalata, mukutsekula khomo la mkondo. Boma limene limatumiza zikwanje kwa anthu onyamula zikwangwani, kapena kuyang'ana kumbali ena akamazitumiza, likudzikumbira lokha mbuna.

Komabe kulemekeza Chilembwe sikutikakamiza kulalikira usiku wa pa 23 Januwale ngati uthenga wabwino. Tikamauza ana athu kuti ungwazi wa mbusayo udali pa mkondo pokha, tikuwabisira zaka 14 za sukulu, njerwa, chipewa ndi kalata. Tikuwaphunzitsanso mosazindikira kuti munthu amakhala mwamuna weniweni akakhetsa mwazi, ndipo mnyamata wophunzitsidwa chotere ndi amene mawa adzalandira chikwanje m'manja mwa wandale.

Malembo amene tawerenga akutiika m'munda wa Getsemane. Petro adali ndi chifukwa chomveka chosololera lupanga kuposa munthu wina aliyense m'mbiri, pakuti amene ankamangidwa adali wosalakwa konse. Koma Ambuye adamuuza kuti alibweze m'chimake, ndipo Luka akutiuza kuti adachiritsa khutu la kapolo amene adabwera kudzamugwira. Tisalekere pomwepo. Usiku womwewo, mlonda wina atamuomba khofi pamaso pa mkulu wa ansembe, Yesu sadabwezere, komanso sadakhale chete. Adamufunsa munthuyo kuti aonetse cholakwa ngati chilipo, ndipo ngati palibe, afotokoze chifukwa chomumenyera. Njira yachitatu ndi imeneyi: dzanja losabwezera, pakamwa posaleka kunena zoona. Anamwino awiri aja, Sifra ndi Puwa, adayenda m'njira yomweyi pamene adakana lamulo la Farao lopha ana aamuna. Paulo naye, atakwapulidwa mosaweruzidwa ku Filipi, adakana kutulutsidwa m'ndende mwamseri, nafuna kuti akuluakulu a mzinda abwere okha kudzamutulutsa.

Abwenzi pa nthaka ya Afrika

Ena anganene kuti zimenezi n'zakwa azungu. Koma lero dziko limene lili ndi Abwenzi ambiri padziko lonse ndi Kenya. Ntchito yawo idayamba ku Kaimosi mu 1902, patangopita zaka ziwiri chiyambire PIM, ndipo nayo idali mishoni yophatikiza uthenga ndi ntchito zamanja. Ziwawa za pambuyo pa chisankho cha 2007 zitapha anthu oposa 1,000 m'dzikolo, Abwenzi adakhazikitsa gulu lamtendere limene linkayendera misasa ya othawa, kumvetsera madandaulo a mbali zonse, ndi kuperekeza anthu pobwerera kumidzi kwawo. Ku Rwanda ndi ku Burundi akhala akuchititsa misonkhano yokhazika pamodzi ophedwera abale ndi amene adatenga nawo mbali pa kuphako.

Ku South Africa kudali H.W. van der Merwe, amene adakulira mumpingo wa Dutch Reformed, womwe uja udabzala mishoni ya Nkhoma, koma pambuyo pake adalowa gulu la Abwenzi. M'zaka za m'ma 1980, pamene kulankhula ndi ANC kunkatengedwa ngati kugulitsa dziko, iye ankapita ku Lusaka kukakonza mikumano pakati pa atsogoleri a chipanicho ndi azungu akwawo. Pa nkhondo ya Biafra ku Nigeria, pakati pa 1967 ndi 1970, Adam Curle ndi Abwenzi anzake ankanyamula mauthenga pakati pa mbali ziwirizo. Mbali zonse zinkawakhulupirira pa chifukwa chimodzi: zinkadziwa kuti anthu awa sabisa mpeni kumphasa, ndipo sakufuna mpando wa wina aliyense. M'chaka cha 1947 mabungwe awiri a Abwenzi, la ku Britain ndi la ku America, adalandira mphoto ya Nobel ya mtendere, mwa zina chifukwa chodyetsa ana a ku Germany, dziko limene maboma awo ankalitcha mdani.

Ifenso tidayendamo

Amalawi sitili alendo m'njira imeneyi. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Kudali kuopseza, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka idatenthedwa, Monsinyo John Roche adathamangitsidwa m'dziko. Koma mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda adagwirana manja n'kupanga Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Mwazi udakhetsedwa ndithu, makamaka pa zipolowe za mu Meyi 1992 ku Blantyre ndi Limbe, koma chimene chidagwedeza ulamuliro wa zaka pafupifupi 30 chidali kalata ndi voti. Kalata imene idatsekerezedwa mu 1914 idapeza olowa m'malo ake patatha zaka 78.

Zaka za 2019 ndi 2020 zikutiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Anthu zikwizikwi adayenda m'misewu kutsutsa zotsatira za chisankho cha pa 21 Meyi 2019, ndipo udali ufulu wawo, pakuti gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko lino limalola kusonkhana ndi kuchita zionetsero, malinga zikhale zamtendere ndi zopanda zida. Koma masitolo a anthu osalakwa adathyoledwa, maofesi adatenthedwa, wapolisi adaphedwa ndi miyala ku Msundwe mu Okutobala 2019, ndipo amayi ndi atsikana a m'deralo adachitiridwa zamanyazi ndi apolisi obwezera, monga bwalo lalikulu lidadzagamulira mu 2020. Chiwawa chidabala chiwawa chinzake, ndipo udzu ndiwo udavutika. Chimene chidathetsa mkanganowo ndi oweruza asanu amene adawerenga chigamulo chawo pa 3 Febuluwale 2020, tsiku lomwe Chilembwe adafera zaka 105 m'mbuyomo.

Ngakhale akatswiri a maphunziro akuvomereza. Erica Chenoweth ndi Maria Stephan, mu kafukufuku amene adatuluka mu 2011, adasanthula magulu 323 omenyera kusintha kwa zinthu pakati pa 1900 ndi 2006. Adapeza kuti magulu osagwiritsa ntchito zida adapambana pafupifupi kawiri kuposa a zida. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nkhondo ya zida ndi ya anyamata amphamvu okha, koma ulendo wamtendere umalowa agogo, amayi a Mvano, aphunzitsi ndi anamwino, ndipo msilikali amavutika kuwombera gulu limene muli mayi ake.

Pamene timasiyana nawo

Ife a mipingo ya Chipulotesitanti sitigwirizana ndi Abwenzi pa zonse. Ambiri mwa iwo sabatiza ndi madzi ndipo sachita Mgonero wa Ambuye, pamene ife timaona kuti zimenezi adalamula ndi Khristu mwini. Pa nkhani ya zida, makolo athu m'chikhulupiriro adaphunzitsa, potsata Aroma 13, kuti boma lidapatsidwa udindo woteteza osalakwa ndi kuletsa ochita zoipa. N'chifukwa chake sitinganene kuti wapolisi kapena msilikali wachikhristu amachimwa povala yunifolomu. Amachimwa pamene aima chilili munthu akutemedwa pamaso pake. Koma chilolezo chimene Paulo akupereka kwa boma si cha chipani, si cha gulu la anyamata a pamsika, ndipo si cha mudzi umene wagwira wakuba. Kwa ine ndi inu, mawu otiyenera ali m'mutu wa 12 wa kalata yomweyo, pamene tikuuzidwa kusiyira Mulungu kubwezera ndi kugonjetsa choipa pochita chabwino. Pa mfundo imeneyi Abwenzi atiposa, pakuti chimene ife timalalikira Lamulungu iwo adachisandutsa ntchito ya sabata yonse.

Tiyambire pati?

Tiyambire pakhomo. Mwana amene amaona bambo akuthetsa nkhani iliyonse ndi chibakera waphunzira kale ndale za zikwanje asanadziwe dzina la chipani chilichonse. Makolo, dziwani kumene anyamata anu amapita galimoto ya andale ikaima pamsika. Kandalama ka tsiku limodzi ndi botolo la kachasu n'zimene amagulira mwana wanu, koma mlandu ukafika wotuma uja sapezeka pabwalo, ndipo chikwanje chikabwerera, maliro amagwa pakhomo panu.

Tipitirire kumudzi. M'maboma othithikana ngati Chiradzulu, kumene munda wa banja umagawidwa m'badwo uliwonse mpaka kutsala kachigamba, mikangano ya malire ndi ya ufumu siisowa. Tikumbukire agogo anayi amene adaphedwa ku Neno mu 2016 powaganizira ufiti, ndi anthu amene adaphedwa mu 2017 pa mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikira. Pa gulu lililonse limene lidaponya miyala padali anthu obatizidwa. Zikadatheka kuti Akhristu atatu kapena anayi aime pakati, manja ali lende, n'kutchula oponya miyalawo maina awo mmodzimmodzi, mwina ena mwa anthu aja bwenzi ali moyo. Kuchita zotere kumafuna kulimba mtima koposa kutola mwala, ndipo kumafuna kuphunzira.

Apa ndi pamene mpingo uyenera kulowapo. Abwenzi amakhulupirira kuti mtendere ndi luso lophunzitsika monga ukalipentala. Mu 1975, mogwirizana ndi akaidi a ndende ya Green Haven ku New York, adayambitsa maphunziro a njira zopewera chiwawa amene lero afika m'maiko ambiri. Bayard Rustin, wa Abwenzi amene adakonza ulendo wa anthu pafupifupi 250,000 ku Washington mu 1963, kumene Martin Luther King adalankhula, adasamala chilichonse, kuyambira madzi akumwa mpaka oyang'anira gulu ophunzitsidwa bwino, ndipo tsikulo lidatha mwabata. Amene amaitanitsa zionetsero m'dziko muno aphunzirepo: kuitana anthu kumsewu popanda kuwakonzekeretsa kuli ngati kuyatsa tchire mphepo ikuomba. Nanga ife, n'chifukwa chiyani makalasi athu a chisodzera, a Mvano ndi a madoda sangaphunzitse luso loyanjanitsa anthu? Nyumba ya malamulo idavomereza lamulo la mtendere ndi umodzi mu 2022, limene limapereka mwayi wa makomiti amtendere m'maboma. Mipingo itumizeko anthu ake okhwima maganizo, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma monga Abwenzi pa nkhani ya akapolo, tiyambe tasesa m'nyumba mwathu. Mpingo umene atsogoleri ake amalimbirana makiyi a tchalitchi mpaka kukathera kupolisi ulibe mawu ouza andale.

Pomaliza, tisaleke kulankhula. Bata limene limabwera chifukwa anthu akuopa si mtendere umene Ambuye adadalitsa. Mneneri Yeremiya adadzudzula aneneri amene ankapaka mankhwala pamwamba pa bala, namalengeza mtendere pamene padalibe. Mitengo ya zinthu ikakwera mopanda chifundo, mankhwala akasowa m'zipatala, chuma cha boma chikabedwa, Mkhristu alembe, afunse, apite kubwalo la milandu, ayende mumsewu ngati kuli kofunika, ndipo akavote. Achite zonsezi poyera, m'dzina lake lenileni, nkhope yosabisa, manja opanda kanthu. Tikadzasonkhananso ku Mbombwe, tidzauze ana athu nkhani yonse ya mbusa wa ku Chiradzulu, ndipo tidzawalimbikitse kuti atenge chipewa chake ndi cholembera chake. Mkondo uja tiusiye m'manja mwa mbiri, ndipo tipemphe kuti pasadzapezekenso boma logontha lokankhira ana a Mulungu kumeneko.

Tipemphere: Atate wakumwamba, amene mudatiyanjanitsa ndi Inu mwa mwazi wa Mwana wanu, tipatseni mtima wodana ndi chosalungama koma wosadana ndi munthu. Tsekulani makutu a olamula kuti amve kulira kwa osauka, ndipo gwirani manja a anyamata athu kuti asakhale zida za ena. Dalitsani dziko lathu ndi mtendere woona, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.